Njira zochotsera prostate pa opaleshoni ya timabowo ting'onoting'ono

Opaleshoni ya timabowo ting'onoting'ono yochotsa prostate ndi chithandizo cha khansa ya prostate chimene dokotala amachotsa chiwalo chonsecho popanda kung'amba mimba. M'malo mwa bala limodzi lalitali, dokotala amaboola timabowo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi pamimba, n'kulowetsamo kamera ndi zida zazitali zopyapyala. Madokotala amaitcha laparoscopic radical prostatectomy. Ikachitidwa mothandizidwa ndi makina a loboti imatchedwa robot-assisted radical prostatectomy.

Pali njira zingapo zofikira pa prostate kudzera m'timabowoti. Zikuluzikulu ndi ziwiri: kudutsa m'kati mwa mimba momwe muli matumbo, kapena kudutsa kunja kwake. Kafukufuku wa zaka zoposa 20 waonetsa kuti kusiyana kwa njirazi kumaonekera kwambiri m'masabata ndi miyezi yoyambirira wodwala akachitidwa opaleshoni. Pa nkhani yochiza khansa, chimene chimalemera kwambiri ndi pomwe matenda afika komanso luso la dokotala.

Prostate ndi malo amene ili

Prostate ndi chiwalo cha amuna chimene chimapanga gawo la madzi a umuna. Kwa mwamuna wachinyamata imalemera pafupifupi magalamu 20, ndipo imakula munthu akamakalamba. Ili pansi penipeni pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Kutsogolo kwake kuli fupa la chinena. Kumbuyo kwake kuli rectum, gawo lomaliza la matumbo. M'mbali mwake mumadutsa timitsempha topyapyala timene timathandiza chida cha abambo kudzuka, ndipo kumunsi kwake kuli mnofu umene umatseka njira ya mkodzo kuti usamadonthe.

Malo amenewa ndi opanikizika, ndipo n'chifukwa chake opaleshoniyi ndi yovuta. Dokotala amayesetsa kuchita zinthu zitatu nthawi imodzi: kuchotsa khansa yonse, kusunga mnofu wogwira mkodzo, ndi kusunga timitsempha ta mphamvu za abambo ngati khansa sinafike pafupi nato. Akachotsa prostate pamodzi ndi timatumba tiwiri ta madzi a umuna tili kumbuyo kwake, amasokerera njira ya mkodzo ku chikhodzodzo. Wodwala amakhala ndi kapaipi kotulutsira mkodzo kwa sabata imodzi kapena awiri kuti msokowo upole.

Kuti munthu amvetse kusiyana kwa njirazi, ayenera kudziwa za peritoneum. Kameneka ndi kansalu kopyapyala kamene kamayala m'kati mwa mimba n'kukuta matumbo ngati thumba. Prostate siili m'thumbamo, ili kunsi kwake, ndipo chikhodzodzo chimangokutidwa pamwamba pokha. Choncho dokotala angathe kulowa m'thumbamo kenako n'kutulukiramo kumunsi, kapena angathe kulilambalala osalitsegula n'komwe.

Mbiri

Opaleshoni yochotsa prostate yonse chifukwa cha khansa inayamba ndi Hugh Hampton Young pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore mu 1904. Iye ankacheka pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi. Mu 1945 Terence Millin, dokotala wa ku Ireland amene ankagwira ntchito ku London, anafotokoza njira yofikira pa prostate podula pamimba n'kudutsa kumbuyo kwa fupa la chinena. Mu 1982 Patrick Walsh wa ku Johns Hopkins, atagwira ntchito limodzi ndi Pieter Donker wa ku Netherlands, anasonyeza pomwe timitsempha ta mphamvu za abambo timadutsa ndi mmene tingasungidwire. Izi zinasintha kwambiri opaleshoniyi.

Woyamba kuyesa kuchotsa prostate kudzera m'timabowo anali William Schuessler ndi anzake ku United States mu 1991. Mu 1997 anasindikiza zotsatira za odwala 9. Opaleshoni imodzi inkatenga pafupifupi maola 9, ndipo iwo anaona kuti siinkaposa yong'amba. Madokotala a ku France ndi amene anaiukitsa. Richard Gaston ku Bordeaux, komanso Bertrand Guillonneau ndi Guy Vallancien pa chipatala cha Montsouris ku Paris, anakonza ndondomeko yake cha mu 1997 ndi 1998 mpaka inayamba kutha m'maola ochepa. Ku Germany, Jens Rassweiler wa ku Heilbronn anakonza yakeyake, ndipo Jens-Uwe Stolzenburg wa ku Leipzig anatchukitsa njira yolambalala peritoneum kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Mu 2000 Jochen Binder ndi Wolfgang Kramer anachita opaleshoniyi ndi makina a da Vinci ku Frankfurt. Mani Menon wa pa chipatala cha Henry Ford ku Detroit ndi amene anaifalitsa ku United States. Lero m'mayiko olemera ambiri, opaleshoni zambiri zochotsa prostate zimachitidwa ndi loboti.

Njira yodutsa m'mimba

Njirayi imatchedwa transperitoneal. Dokotala amaboola pafupi ndi mchombo n'kupopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti ifufume ndipo apeze malo ogwirira ntchito. Kenako amaboola timabowo tina ta mamilimita 5 mpaka 12. Bedi limapendekedwa kwambiri, mutu kumunsi miyendo kumtunda, nthawi zambiri madigiri 25 mpaka 30, kuti matumbo atsetserekere cha kuchifuwa n'kuchoka m'chiuno.

Akalowa, madokotala ena amayamba ndi kutsogolo. Amadula peritoneum, n'kugwetsa chikhodzodzo kuchichotsa pa khoma la mimba, n'kufika pa prostate. Ena amatsata njira ya Montsouris, yomwe imayambira kumbuyo kwa chikhodzodzo kumasula timatumba ta umuna, kenako n'kubwerera kutsogolo.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti malo ndi otakasuka. Zida sizigundana, ziwalo zimaoneka bwino, ndipo chikhodzodzo chikamasulidwa chimatsika mosavuta pokasokerera njira ya mkodzo. Imathandizanso ngati pakufunika kuchotsa timagulu tambiri ta lymph ta m'chiuno, timene tikatupa anthu amati mwanabere, chifukwa dokotala amatha kufika mpaka kumtunda. Ophunzira ambiri amayambira pa njira imeneyi.

Kuipa kwake kumachokera pa matumbo ndi kapendekedwe ka bedi. Matumbo angathe kuvulala, ngakhale izi sizichitika kawirikawiri. Nthawi zina amachedwa kuyambanso kugwira ntchito, ndipo wodwala amatupa mimba ndi kusanza kwa masiku angapo. Ngati msoko ukudontha, mkodzo umalowa m'mimba n'kupweteketsa matumbo. Kugona mutu uli kumunsi kwa maola angapo kumapanikiza mapapo, kumatupitsa nkhope, ndiponso kumakweza mphamvu ya madzi a m'maso. Izi ndi zofunika kuziganizira kwa munthu wonenepa kwambiri, wodwala mtima kapena mapapo, ndi amene ali ndi matenda a maso a glaucoma.

Njira yolambalala peritoneum

Njirayi imatchedwa extraperitoneal. Dokotala amacheka pang'ono kumunsi kwa mchombo, koma salowa m'thumba la matumbo. Amalowetsa chibaluni pakati pa minofu ya mimba ndi peritoneum n'kuchipopa kuti chitsegule mpata, kenako n'kudzaza mpatawo ndi mpweya. Mpata umenewu umafika kumbuyo kwa fupa la chinena, pamalo otchedwa Retzius, dzina la katswiri wa za thupi wa ku Sweden Anders Retzius. Ndi malo omwewo amene dokotala wong'amba amadutsamo.

Popeza peritoneum imakhala ngati mpanda wotchinga matumbo, bedi silifunika kupendekedwa kwambiri. Matumbo sakhudzidwa, ndipo odwala ambiri amayamba kudya msanga. Mkodzo kapena magazi zikadontha zimakhala pamalo amodzi osafalikira m'mimba. Njirayi imathandiza kwambiri munthu amene anachitidwapo opaleshoni yaikulu ya m'mimba, chifukwa matumbo a anthu otere nthawi zambiri amamatirirana ndi khoma la mimba, ndipo kuwamatula kumatenga nthawi komanso n'koopsa.

Vuto lake ndi kuchepa kwa malo. Zida zimatha kugundana, ndipo peritoneum ikabooka mwangozi mpweya umalowa m'mimba n'kufinya mpata wogwirira ntchito. Thupi limamwanso carbon dioxide wambiri, choncho wopereka mankhwala ogonetsa amayenera kuyang'anira kapumidwe mosamala. Ngati timagulu ta lymph tachotsedwa, madzi ake amatha kuunjikana m'chiuno n'kupanga chotupa chotchedwa lymphocele. Izi zimachitika kwambiri pa njira imeneyi chifukwa madziwo alibe kolowera, pomwe pa njira inayo peritoneum imawamwa. Munthu amene anaikidwapo kaukonde kotchingira hernia kuseri kwa minofu ya mimba angakhalenso wovuta kumuchita mwa njira iyi chifukwa cha zipsera za m'kati.

Akayerekeza njira ziwirizi, akatswiri sanapeze kusiyana kodalirika pa kuchiza khansa, kugwira mkodzo kapena mphamvu za abambo. Zimasiyana pa mtundu wa zovuta zimene zingabwere m'masiku oyambirira.

Njira yosunga malo a Retzius

Njira zonse ziwiri zafotokozedwazi zimafika pa prostate kuchokera kutsogolo, ndipo potero zimadula timinyewa ndi mitsempha imene imamangirira chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo ku fupa la chinena. Mu 2010 Antonio Galfano ndi Aldo Bocciardi a pa chipatala cha Niguarda ku Milan anafotokoza njira ina ya loboti. Dokotala amalowa m'mimba, n'kucheka peritoneum kumbuyo kwa chikhodzodzo, n'kuchotsa prostate yonse kuchokera kunsi. Chikhodzodzo chimatsala chili m'malo mwake, ndipo zomangira zake zakutsogolo sizikhudzidwa.

Phindu lake lalikulu ndi kugwira mkodzo msanga. Pa kafukufuku wa ku Detroit wa mu 2017, amuna 120 anagawidwa mwamaere m'magulu awiri. Patatha sabata imodzi kapaipi katachotsedwa, amuna 71 pa 100 alionse a gulu la njira yatsopanoyi ankagwira mkodzo, poyerekeza ndi 48 pa 100 a gulu linalo. Koma pakatha chaka kusiyanaku kumachepa kwambiri. Bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku amene analipo mu 2020, linavomereza kuti mkodzo umagwirika msanga, koma linachenjeza kuti njirayi ingawonjezere mwayi woti maselo a khansa apezeke m'mphepete mwa chiwalo chochotsedwacho. Madokotala ambiri amasamala nayo ngati chotupa chili kutsogolo kwa prostate kapena ngati prostate ndi yaikulu kwambiri.

Manja kapena loboti

Funso la njira yolowera ndi losiyana ndi funso la zida. Njira yodutsa m'mimba ndi yolambalala zonse zingachitike ndi manja kapena ndi loboti.

Pa laparoscopy wamba, dokotala amaimirira pambali pa wodwala atagwira zida zowongoka zosapindika, akuyang'ana pa sikirini. Kusoka pansi pa chiuno ndi zida zoterezi n'kovuta, ndipo kumatenga nthawi yaitali kuphunzira. Pa opaleshoni ya loboti, dokotala amakhala pampando m'chipinda momwemo n'kumayendetsa mikono ya makina ndi zala ndi mapazi. Loboti siganiza ndipo sichita kanthu payokha. Chimene imapereka ndi chithunzi chokuzidwa chooneka kuya kwake, zida zopindika ngati dzanja la munthu, ndi kuchotsa kunjenjemera kwa manja.

Kafukufuku wotchedwa LAP-01 anachitika m'zipatala za ku Germany ndi amuna 782, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Patatha miyezi itatu, amuna 54 pa 100 a gulu la loboti ankagwira mkodzo, poyerekeza ndi 46 pa 100 a gulu la laparoscopy wamba. Pofika miyezi 12 magulu awiriwa anali atayandikana. Ku Brisbane, m'dziko la Australia, amuna 326 anagawidwa pakati pa loboti ndi opaleshoni yong'amba. Zotsatira za mu 2016 ndi 2018 zinasonyeza kuti a gulu la loboti anataya magazi ochepa ndipo anatuluka m'chipatala msanga, koma kugwira mkodzo ndi mphamvu za abambo zinali zofanana patatha masabata 12 komanso patatha zaka ziwiri.

Vuto la loboti ndi mtengo. Makinawo amagulidwa ndi madola oposa miliyoni imodzi, amafuna kukonzedwa chaka ndi chaka, ndipo zida zake zimatayidwa zikagwira ntchito maulendo owerengeka. Mu 2018 ku United States kunavomerezedwa makina a da Vinci SP olowera pa bowo limodzi. Ndi makina amenewa madokotala ena ayamba kudutsa m'kati mwa chikhodzodzo, ndipo ena abwerera ku malo amene Young ankacheka mu 1904. Njira zimenezi n'zatsopano ndipo zikuchitika m'zipatala zochepa.

Mmene zotsatira zimayezedwera

Poyerekeza njira zonsezi, madokotala amayang'ana zinthu zitatu.

Choyamba ndi khansa. Prostate ikachotsedwa imapimidwa ku labotale kuti aone ngati maselo a khansa afika m'mphepete momwe munadulidwa. Patatha masabata 6 mpaka 8 wodwala amayezedwa magazi kuona PSA, puloteni imene prostate imapanga. Popeza chiwalocho palibe, PSA iyenera kutsika mpaka kusaoneka. Ikayamba kukweranso ndi chizindikiro chakuti khansa inatsalira kapena yabwerera, ndipo pangafunike kuwotcha ndi cheza kapena mankhwala ochepetsa mahomoni achimuna.

Chachiwiri ndi mkodzo. Amuna ambiri amadontha mkodzo kapaipi kakangochotsedwa, makamaka potsokomola, poseka ndi ponyamula katundu. Ambiri amachira m'kati mwa chaka, ndipo masewera olimbitsa minofu ya pansi pa chiuno amathandiza. Ochepa amatsala ndi vutoli mpaka kufuna opaleshoni ina.

Chachitatu ndi mphamvu za abambo. Zimenezi zimachedwa kubwerera, nthawi zina mpaka zaka ziwiri, ndipo kwa ena sizibwerera. Zimadalira msinkhu, mmene munthu analili opaleshoni isanachitike, matenda ena monga shuga, ndiponso ngati timitsempha tinasungidwa mbali zonse ziwiri. Njira iliyonse imene yatsatidwa, mwamuna satulutsanso umuna ndipo sangaberekenso mwa njira yachibadwa.

Kuyerekeza zotsatira za zipatala zosiyana n'kovuta chifukwa sagwirizana pa tanthauzo la mawu. Ena amati munthu wachira ngati savala thewera n'komwe, ena amamuwerengera kuti wachira ngakhale akuvala limodzi patsiku.

Luso la dokotala

Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Andrew Vickers wa ku New York anasonyeza kuti mwayi woti khansa ibwerere umatsika pamene dokotala akuchita maopaleshoni ambiri. Pa opaleshoni yong'amba, zotsatira zinkapitirira kukhala bwino mpaka dokotala atachita pafupifupi 250. Mu 2009 gulu lomwelo linapeza kuti pa laparoscopy wamba kuphunzira kumachedwa kuposa pamenepo. N'chifukwa chake malangizo a madokotala a ku Europe sanena kuti njira imodzi ndi yoposa zinzake zonse. Dokotala wozolowera kung'amba angathe kupeza zotsatira zabwino kuposa amene wangoyamba kumene kugwiritsa ntchito loboti.

Kusankha njira

Njira imasankhidwa poyang'ana thupi la wodwala ndi matenda ake. Munthu amene anang'ambidwapo mimba, kapena amene sangathe kugona mutu uli kumunsi nthawi yaitali, angapindule ndi njira yolambalala. Amene khansa yake ndi yaukali ndipo akufunika kuchotsedwa timagulu tambiri ta lymph nthawi zambiri amachitidwa yodutsa m'mimba. Amene chotupa chake chili kumbuyo kwa prostate ndipo akufunitsitsa kugwira mkodzo msanga angaganiziridwe njira yosunga Retzius, ngati pali dokotala woidziwa. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa dokotala kuti wachita maopaleshoni angati otere, ndi kuti odwala ake zimawathera bwanji.

Si aliyense wopezeka ndi khansa ya prostate amene amafunika opaleshoni. Imachitidwa makamaka pamene khansa sinafalikire kutali ndipo munthu akuyembekezeka kukhala ndi moyo zaka zina 10 kapena kuposerapo. Pa kafukufuku wa ProtecT ku Britain, amuna 1,643 anagawidwa m'magulu atatu: opaleshoni, kuwotcha ndi cheza, ndi kungowayang'anira mosamala. Patatha zaka 15, pafupifupi awiri kapena atatu pa 100 alionse ndi amene anamwalira ndi khansayi m'gulu lililonse, ngakhale kuti kufalikira kwa matenda kunali kochuluka mwa ongoyang'aniridwa. Choncho kwa khansa yofatsa, kudikira ndi kumapimidwa pafupipafupi ndi chisankho chovomerezeka.

Kupezeka kwake

Mu 2022 amuna oposa 1.4 miliyoni anapezeka ndi khansa ya prostate padziko lonse, ndipo pafupifupi 400,000 anamwalira nayo. Amuna akuda ali pachiopsezo chachikulu kuposa ena, ndipo m'mayiko ambiri a kumwera kwa chipululu cha Sahara imeneyi ndi khansa yofala kwambiri mwa amuna. Makina a loboti alipo m'mayiko ochepa a mu Africa. Ku South Africa anayamba kugwira ntchito mu 2013 pa chipatala cha The Urology Hospital ku Pretoria, ndipo kenako anafika m'zipatala za boma za Tygerberg ndi Groote Schuur ku Cape Town.

M'madera ambiri vuto loyamba si kusowa kwa loboti. Odwala ambiri amafika kuchipatala khansa itafalikira kale m'mafupa, pamene kuchotsa prostate sikungachize matendawo mwa njira iliyonse. Khansa ya prostate ikamayamba nthawi zambiri siionetsa zizindikiro. Amuna a zaka 50 kupita m'tsogolo amalangizidwa kukambirana ndi achipatala za kuyezetsa PSA, ndipo amuna akuda kapena amene bambo kapena mchimwene wawo anadwalapo matendawa amalangizidwa kuyamba ali ndi zaka 45.